Chigodola ndi katemera wake: momwe thupi la ng'ombe limaphunzirira kudziteteza

Nthawi ya dzinja, mukagwira ng'ombe yodya kudambo n'kuipinda khutu, kawirikawiri mupezamo nkhupakupa zofiirira zitaunjikana m'mphepete ndi m'kati. Akatswiri amazitchula kuti Rhipicephalus appendiculatus. Magazi omwe zimayamwa si ochuluka moti n'kupha ng'ombe. Choopsa chili m'malovu mwake. Zina mwa nkhupakupazi zimanyamula kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Theileria parva, ndipo kachilombo kameneka ndi kamene kamayambitsa chigodola, matenda omwe m'mabuku a zaziweto amalembedwa kuti East Coast fever. Chaka chilichonse amapha ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi m'mayiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo Malawi ali m'gulu la mayikowo.

Ku Malosa, m'boma la Zomba, ng'ombe si zambiri. Minda ndi yothinana kuyambira m'tsinde mwa phiri mpaka kutsikira mumtsinje wa Domasi, ndipo pakhomo pambiri mupeza mbuzi ndi nkhuku. Misambi ya ng'ombe zachikuda imaoneka mukalowera kumadambo a ku Chilwa. Koma pali mtundu wina wa ulimi umene wakhala ukufalikira m'maboma a Zomba, Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Blantyre: ng'ombe imodzi kapena ziwiri zamkaka, za mtundu wa Friesian, Jersey kapena zosakaniza, zosungidwa m'khola, zodya nsenjere, madeya ndi udzu womweta. Kwa banja lotere ng'ombeyo ndiye fizi ya ana, ndiye feteleza, ndiye malata a nyumba. Tsono ng'ombe zimenezi ndi zomwenso chigodola chimapha mosavuta. Ng'ombe zachikuda zokulira kumene matendawa ndi ofala zimapirira, ngakhale ana ake ambiri amafa. Ng'ombe zamakono zikagwidwa popanda chithandizo, zopulumuka zimakhala zowerengeka. Kukhala m'khola si chitetezo chokwanira, chifukwa nkhupakupa imatha kubwera ndi mtolo wa udzu womwetedwa pamene padadya ng'ombe zina.

Zimene kachilomboka kamachita m'thupi

Kuti timvetse katemera wa chigodola, tiyenera kuyamba tadziwa mmene kachilomboka kamaphera, chifukwa njira yake ndi yachilendo kwambiri.

Nkhupakupa ikaluma, sipatsira matenda tsiku lomwelo. Tizilombo timayamba takhwima m'malovu mwake pamene ikuyamwa, ndipo zimenezi zimatenga masiku angapo. Tikalowa m'thupi la ng'ombe sitichedwa m'magazi. Pa nthawi yochepa kwambiri timakhala talowa m'kati mwa maselo oyera, aja timawatchula kuti asilikali a m'thupi. Aliyense amene adamvapo uphungu wa HIV kuchipatala cha St Luke's kapena kwina kulikonse amadziwa za CD4. Ng'ombe nayo ili ndi maselo a mtundu womwewo, ndi ena ofanana nawo, ndipo amenewa ndiwo nyumba ya Theileria parva.

Kusiyana kwake n'kwakuti HIV imachepetsa asilikali, pamene kachilombo ka chigodola kamayamba ndi kuwachulukitsa. Kakalowa m'selo, kamalikakamiza kuti ligawikane mosalekeza, ndipo selo likamagawikana nako kamagawikana, kotero kuti maselo atsopano onse awiri amabadwa ali ndi kachilombo. Machulukidwe ake ndi ofanana ndi a khansa. Akatswiri amatha kusunga maselo oterewa m'labotale kwa zaka zambiri akungoswana, ndipo akathira mankhwala opha kachilomboko, kuswanako kumaleka.

N'chifukwa chake chizindikiro choyamba chimakhala mwanabere pansi pa khutu, pafupi ndi pamene padaluma nkhupakupa, patapita sabata imodzi kapena iwiri. Kenako zotupa zimaonekanso kutsogolo kwa phewa ndi pantchafu. Thupi limatentha kufika madigiri 40 kapena 41, ng'ombe imaleka kudya, mkaka umauma, maso amatuluka misozi ndipo nthawi zina amachita ng'ala. Maselo odwala aja amafalikira m'ziwalo zonse, ndipo pambuyo pake amayamba kuphulika pamodzi ndi abwinobwino omwe. Mapapo amadzaza madzi. Ng'ombe imapuma movutikira, imatulutsa thovu m'mphuno, ndipo imafa pakati pa sabata yachitatu ndi yachinayi kuchokera tsiku lolumidwa. Tizilombo tina timalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo tomweto ndi timene nkhupakupa ina imayamwa n'kukapatsira ng'ombe ina ikafundula.

Ng'ombe yochira sidwalanso

Abusa ndi eni ng'ombe adaona kalekale kuti ng'ombe yomwe yadwala chigodola n'kuchira sigwidwanso ndi matendawo. Sayansi idatenga nthawi yaitali kuti ifotokoze chifukwa chake. Matendawa adadziwika kwa azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene ng'ombe zochokera kugombe la Tanzania zidatsitsidwa padoko la Beira n'kupita ku Rhodesia (Zimbabwe wa lero) kukalowa m'malo mwa zomwe zidatha ndi mliri wa rinderpest wa mu 1896 ndi 1897. Ng'ombe zidafa zosawerengeka. Robert Koch wa ku Germany adayesa kuteteza ng'ombe pozibaya magazi a zinzake zochira, koma sizidathandize. Arnold Theiler, yemwe kachilomboka kadatengera dzina lake, adaonetsa kuti awa ndi matenda paokha, ndipo Charles Lounsbury adapeza kuti amafala ndi nkhupakupa ya m'khutu. South Africa idawathetsa m'zaka za m'ma 1950 ndi dibi yokakamiza, kutseka mayendedwe a ng'ombe ndi kupha misambi yodwala. Kuno kumpoto kwa Zambezi njira imeneyo sidatheke.

Akatemera ambiri omwe timawadziwa amagwira ntchito pophunzitsa thupi kupanga ma antibody, timapuloteni toyandama m'magazi tomwe timamatirira kachilombo kasanalowe m'selo. Ng'ombe yochira chigodola imapangadi ma antibody ochuluka. Koma mukatenga madzi a m'magazi ake n'kubaya inzake, inzakeyo sitetezeka. Kachilombo kali m'kati mwa selo la ng'ombe yomweyo, kumene ma antibody safika.

Amene amagwira ntchito yeniyeni ndi asilikali ena otchedwa CD8. Selo lililonse la m'thupi limatenga tizidutswa ta mapuloteni omwe ali m'kati mwake n'kutiika poyera pakhungu lake, monga momwe amayi amayalira tomato ndi anyezi pamsika wa Songani kuti wodutsa aone zomwe zilipo. Asilikali a CD8 amayendera maselo akuyang'ana zoyalidwazo. Akaona kachidutswa komwe si ka ng'ombe, amapha selo lonselo pamodzi ndi kachilombo kali m'katimo. Ng'ombe imene ikukumana ndi chigodola koyamba imakhala ndi asilikali ochepa kwambiri ozindikira tizidutswa timeneti, ndipo pamene akuchulukana, maselo odwala amakhala atawapitirira kale. Ng'ombe yochira imakhala nawo ambiri okumbukira, ndipo matendawo akabweranso amathetsedwa asanaonekere kunja.

Umboni wogwira mtima udapezeka ku Nairobi mu 1994. Declan McKeever ndi anzake adagwiritsa ntchito ana a ng'ombe amapasa ofanana. Mmodzi adali wotetezeka kale, winayo ayi. Adatenga maselo a CD8 kwa wotetezekayo n'kuwaika mwa mnzake yemwe adali atapatsidwa matenda oti akadamupha, ndipo matendawo adagonja. Adafunika mapasa chifukwa asilikali a CD8 amazindikira kachidutswa pokhapokha kakayalidwa pa selo la mtundu wa thupi lawo lomwe. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa ndi imene yavutitsa opanga katemera mpaka lero: ng'ombe ziwiri zosiyana makolo zimatha kuyala tizidutswa tosiyana ta kachilombo kamodzimodzi.

Kupatsa matenda ndi mankhwala nthawi imodzi

Popeza chitetezo chenicheni chimabwera ng'ombe ikadwala n'kuchira, akatswiri a ku Muguga, pafupi ndi Nairobi ku Kenya, adaganiza zodwalitsa ng'ombe dala koma mowongolera. Njirayi idakhazikika m'zaka za m'ma 1970, ndipo David Radley ndi anzake adaifotokoza mu 1975. Wobaya amalowetsa tizilombo tamoyo pansi pa khungu pafupi ndi khutu, ndipo nthawi yomweyo amabaya jakisoni wa oxytetracycline wokhalitsa m'thupi. Mankhwalawo sapha tizilombo tonse. Amangochedwetsa kuswana kwa maselo odwala m'masiku oyambirira, kuti asilikali a CD8 apeze mpata wochulukana matenda asanakule. Ng'ombe zambiri sizionetsa chizindikiro chilichonse, zina zimatentha thupi pang'ono, ndipo pakatha mwezi zimakhala zotetezeka. Kubaya ndi kamodzi basi, ndipo chitetezo chake chimakhala zaka, makamaka ngati nkhupakupa zipitiriza kuiluma mwa apo ndi apo n'kumakumbutsa thupi.

Vuto lidaoneka msanga. Theileria parva si wa mtundu umodzi. Ng'ombe yotetezedwa ku mtundu wina imatha kufa ndi mtundu winanso, chifukwa tizidutswa tomwe asilikali ake adaphunzira sitifanana ndi ta mlendoyo. Yankho la ku Muguga lidali kusakaniza mitundu itatu: Muguga, Kiambu 5 ndi Serengeti-transformed. Kusakaniza kumeneku ndi komwe kumatchedwa Muguga cocktail, ndipo ndiye katemera amene wagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Tanzania, Kenya, Uganda ndi kuno ku Malawi. Amasai a ku Tanzania, omwe ankataya ana a ng'ombe ambiri chaka chilichonse, adamulandira kwambiri ndipo amalipira okha. Anzathu a ku Zambia adasankha mitundu yakwawo: wa Katete kuchigawo cha kum'mawa, ndi wa Chitongo kuchigawo cha kum'mwera. Zimbabwe ili ndi wake wa Boleni.

Amalawi ambiri sadziwa kuti katemerayu amapangidwa ku Lilongwe. Kumeneko kuli malo otchedwa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, a bungwe la African Union. Kwa nthawi yaitali Muguga cocktail ankapangidwa ndi bungwe la ILRI ku Nairobi, lomwe lidapanga mu 1996 ndiponso mu 2008. Mothandizidwa ndi bungwe la GALVmed, luso lake lidasamutsidwira ku Lilongwe, ndipo mu Disembala 2014 malowa adakhazikitsa ntchito yopangira katemera mayiko a m'dera lino.

Mapangidwe ake ndi ntchito yolemetsa, ndipo ine ndimaona kuti anthu omwe amaigwira ndi oyenera ulemu waukulu. Amayamba ndi kudwalitsa ng'ombe mtundu umodzi wa kachilombo. Akaona kuti tizilombo tafika m'magazi, amaika nkhupakupa zazing'ono zopanda matenda kuti ziyamwe. Zikakhuta zimagwa, ndipo amazisunga pamalo ofunda mpaka zifundule. Kenako amaziika m'makutu a akalulu kwa masiku anayi kuti tizilombo tikhwime m'malovu. Akatero amazithothola, kuzipera, kusefa madzi ake, kusakaniza mitundu itatu ija, n'kuthira m'timachubu tating'ono touma ndi kuzizira. Ndiye pamatsala kuyesa pa ng'ombe zina kuti apeze mlingo woteteza koma wosapha. Kupanga mlingo wokwanira ng'ombe miliyoni imodzi kumatenga chaka ndi theka, ng'ombe zoposa 100, akalulu pafupifupi 500 ndi nkhupakupa pafupifupi 600,000.

Katemera wotere sangasungidwe mufiriji ya pagolosale. Amakhala mu nayitirojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, m'zigubu zofanana ndi zija amanyamulira umuna wa ng'ombe zamakono. Akasungunulidwa ayenera kubayidwa m'maola ochepa. Kwa nthawi yaitali kachubu kamodzi kakhala kokwanira ng'ombe 40. Kwa Mmasai wa ng'ombe mazana zimenezo si kanthu, koma kwa mlimi wa ku Malosa wa ng'ombe imodzi ndi chipsinjo. Njira yokhayo ndi yoti alimi a gulu limodzi la mkaka agwirizane tsiku, asonkhanitse ng'ombe ndi ndalama, wobaya abwere kamodzi. Apa ndi pamene magulu ogulitsira mkaka pamodzi, monga omwe ali pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association, ali ndi phindu loposa la mtengo wa lita.

Wobayayo ayeneranso kukhala wophunzitsidwa. Mankhwala amayezedwa potengera kulemera kwa ng'ombe, ndipo akachepa, katemerayo amasanduka chigodola chenicheni. Ng'ombe yodwala kale, yowonda kwambiri kapena ya bere lalikulu sibayidwa. Yobayidwa amaiika chizindikiro kukhutu, ndipo mwini wake amaiyang'anira kwa masabata atatu kapena anayi. Ikatentha thupi kwambiri kapena kuleka kudya, aitane mlangizi wa ziweto msanga, chifukwa mankhwala a buparvaquone amachiza akaperekedwa matenda asanafike m'mapapo.

Kodi aliyense abayitse?

Funso limeneli lilibe yankho limodzi la dziko lonse. Ng'ombe yobayidwa katemera wamoyo imatha kusunga tizilombo tochepa m'thupi kwa nthawi yaitali iyo ili bwinobwino, ndipo nkhupakupa zimatha kutiyamwa n'kupatsira ng'ombe zosabayidwa. Kumene chigodola chili chofala kale, zimenezi sizisintha zambiri, ndipo phindu la katemera ndi loonekeratu. Koma m'Malawi muno matendawa akhala akudziwika kwambiri m'chigawo chapakati ndi chakumpoto kuposa kum'mwera. Kubweretsa tizilombo tamoyo kudera kumene kuli nkhupakupa ya m'khutu koma matendawo sadakhazikike ndi nkhani yofuna kuiganizira mofatsa. Choncho kwa mlimi wa m'chigwa cha Domasi, choyamba si kufunafuna katemera ayi. Choyamba ndi kudziwa chimene chikupha ng'ombe m'deralo. Ng'ombe ikatupa mwanabere, mlangizi atenge madzi a m'chotupacho ndi dontho la magazi zikayezedwe. Ikafa, isathamangitsiridwe kwa ogula nyama asanaione a zaziweto. Ndipo ng'ombe yogula kuchokera ku Lilongwe, Dedza kapena Mzimba isalowe m'khola isanapoperedwe mankhwala a nkhupakupa ndi kukhala payokha masabata angapo. Ganizo lobaya dera lonse ndi la akuluakulu a zaumoyo wa ziweto, ndipo liyenera kutsamira pa zoyeza.

Palinso njati. Kwawo kwenikweni kwa Theileria parva ndi m'thupi la njati, yomwe imakhala nako osadwala, ndipo mitundu ya kachilomboka mwa njati ndi yochuluka kuposa ya mwa ng'ombe. Ku Kenya kudaoneka kuti ng'ombe zobayidwa Muguga cocktail zidafabe zitadyetsedwa pamodzi ndi njati. Nkhalango ya Liwonde, yomwe ili ndi njati, si kutali ndi Malosa, ndipo odyetsa ng'ombe m'malire mwake ayenera kuidziwa mfundoyi. Akatswiri athu akuifufuza nkhani ya mitunduyi. Mu 2020 Elisha Chatanga ndi anzake adasindikiza kafukufuku woyerekeza tizilombo ta mu ng'ombe zobayidwa ndi zosabayidwa m'Malawi, poyang'ana mapuloteni awiri otchedwa Tp1 ndi Tp2, omwe ndi ena mwa amene asilikali a CD8 amazindikira.

Mapuloteni amenewa ali pakati pa ntchito yofuna katemera watsopano, wopanda tizilombo tamoyo, wosafuna nayitirojeni. Chibadwa chonse cha Theileria parva chidawerengedwa mu 2005, ndipo chaka chotsatira akatswiri a ILRI adalengeza gulu la mapuloteni omwe asilikali a CD8 amalimbana nawo. Koma kubaya ng'ombe mapuloteniwo sikudabweretse chitetezo champhamvu ngati cha tizilombo tamoyo. Asilikali amachulukana ndithu, koma ambiri sapha. Njira ina ndi ya puloteni yotchedwa p67, yomwe ili pakhungu la kachilombo pamene kakutuluka m'malovu a nkhupakupa. Antony Musoke ndi anzake adaonetsa mu 1992 kuti ma antibody olimbana ndi p67 amatha kutsekereza kachilombo kasanalowe m'selo. Poyesa m'khola, p67 yakhala ikuteteza pafupifupi theka la ng'ombe. Kungopulumuka tizilombo tochepa n'kulowa m'maselo, kuswana kuja kumayamba.

Tizilombo tina ta m'magazi

Chigodola si matenda okhawo obwera ndi nkhupakupa, ndipo katemera wake sateteza ku enawo. Kum'mwera kuno mlimi akhoza kukumana ndi matenda okodzetsa magazi, oyamba ndi kachilombo ka Babesia, ndi matenda a ndulu, oyamba ndi Anaplasma. Onse awiri amawononga maselo ofiira, ndipo ng'ombe imatha magazi, m'maso ndi m'kamwa mumayera kapena kuchita chikasu. Pa matenda amenewa chiwalo chofunika kwambiri ndi kapamba, amene amasefa magazi n'kuchotsa maselo odwala, ndipo ma antibody nawo amathandiza.

Chodabwitsa n'chakuti pa matenda awiriwa ana a ng'ombe amapirira kuposa zikuluzikulu. Mwana wa ng'ombe wosafika miyezi 9 akalumidwa ndi nkhupakupa ya Babesia nthawi zambiri amadwala pang'ono n'kukhala wotetezeka kwa nthawi yaitali, pamene ng'ombe yaikulu yokumana ndi kachilomboko koyamba imatha kufa. Akatemera ake nawonso ndi amoyo. Ku Australia, m'zaka za m'ma 1960, adafooketsa Babesia bovis poidutsitsa motsatizana mwa ana a ng'ombe ochotsedwa kapamba. Pa matenda a ndulu amabaya Anaplasma centrale, wachibale wofatsa amene Theiler adamufotokoza mu 1911. Akatemera awiriwa amabayidwa ng'ombe ikadali yaing'ono, ndipo mankhwala monga Berenil kapena oxytetracycline akaperekedwa pafupi ndi tsiku lobayira amatha kupha katemerayo thupi lisanaphunzire kanthu. Kwa tizilombo tofalitsidwa ndi ntchentche za tsetse katemera palibe konse, chifukwa timasintha mapuloteni a pakhungu pake mobwerezabwereza, ndipo ma antibody opangidwa sabata ino amapeza kachilombo kataoneka mwina sabata yamawa.

Zonsezi zikutanthauza kuti dibi ndi kupopera sizingasiyidwe chifukwa ng'ombe yabayidwa. Chimene chimasintha ndi kuchuluka kwake. Mlimi wa ng'ombe zachikuda zobayidwa akhoza kuchepetsa kupopera, n'kulimbikira m'miyezi ya Disembala mpaka Epulo pamene nkhupakupa zikuluzikulu zimachuluka, ndipo nkhupakupa zochepa pa ana a ng'ombe zimawathandiza kupeza chitetezo akadali pa msinkhu wopirira. Wa ng'ombe yamkaka ya m'khola, yomwe sidakumanepo ndi tizilombo timeneti, alibe mpata wotero. Iye aziyang'ana m'makutu, pansi pa mchira ndi pabere sabata iliyonse, azisungunula mankhwala pa mlingo wolembedwa pabotolo osawachepetsa mphamvu, ndipo udzu azimweta kumene sikudyera ng'ombe za ena.